Malaya a Ba Webster

Chaka chimene salaula, zovala za kaunjika zochokera kunja, inadzaza misika ya mu Lusaka, Ndaona Chirwa ankachita digiri yake yachiwiri pa yunivesite. Anali mwana wa telala wa ku Matero, m'banja limene agogo ake anachokera ku Malawi kalekale kudzafuna ntchito. Bambo ake, a Dyton, anali atafunditsa makina awo osokera ndi chitenje, poti anthu anasiya kubwera kudzayesetsa zovala. Aliyense ankangopita pamsika kukasankha pa mulu.

Fakitale ina yoluka nsalu, imene inali itayamba kuchotsa antchito, inapempha yunivesite kuti ifufuze ngati nsalu yake inali yolimba kuposa ya salaula. Eni ake ankafuna lipoti loti akaonetse ku boma. Dokotala Mukupa, amene ankayang'anira maphunziro a Ndaona, anamupatsa ntchitoyo. Koma makina opekesa nsalu kuti aone kutha kwake anali atafa, ndipo chitsulo chake chinali choitanitsa kunja.

"Ndiye tiyese pamisana ya anthu," anatero Ndaona. Dokotala Mukupa anavomera, chifukwa panalibe njira ina.

A Dyton anafundukula makina aja n'kusoka malaya ofanana ndendende, ena a nsalu ya fakitale, ena a nsalu yosomola ku zovala zazikulu za salaula. Mkati mwa kolala iliyonse anasokeramo nambala. Ndaona anawanyamula pa minibasi kupita nawo ku Kanyama, kwa amuna okankha mawilibala, amene tsiku lonse amasenza simenti, makala ndi matumba a ufa. Anawauza kuti aziwavala ku ntchito, azichapa monga amachapira nthawi zonse, ndipo mwezi uliwonse iye azibwera kudzawaona.

Mwezi woyamba utatha, malaya anayamba kusonyeza ntchito. Ena anali atasuluka pamsana, ena ataperepeseka pamapewa. Ndaona ankawaika pa sikelo, kuwayeza ndi tepi, n'kuwerenga ulusi ndi galasi lokulitsa. Koma malaya a munthu mmodzi, Webster Sampa, anali owala ngati angochoka kumene pamakina, ndi mizere ya simbi pamanja.

"Ba Webster, malaya aya simuvala ku nchito?" anafunsa.

"Nivala, ba madamu."

"Muvala liti?"

Webster, amene anali wamtali, woonda ndi wosalankhulalankhula, anayang'ana tayala la wilibala yake. "Pa Sondo," anatero. "Nimaimba mu kwaya. Vinthu vabwino so, niviike pansi pa thumba ya simenti?"

Ndaona anamufotokozera mwaulemu kuti cholinga chake n'chakuti malayawo ang'ambike, kuti adziwe pamene amayambira kung'ambika. Webster anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti wamva. Mwezi wotsatira malayawo anabwera ali chimodzimodzi, kungoti batani limodzi linali litasokedwanso ndi ulusi wina. Ndaona sanayambitsenso nkhaniyo. Ankawayeza monga ena onse, ngakhale ankadziwa kuti manambala ake sadzamuthandiza.

Mvula itayamba, njira za mu Kanyama zinasanduka madambo, ndipo Webster anasiya kuoneka pamalo oimika mawilibala. Anzake anati chifuwa chamugoneka. Ndaona anaganiza zokamuona, koma mayeso a ophunzira anamugwira, ndipo pamene anapita kukatolera malaya onse komaliza, anauzidwa kuti munthuyo anaikidwa kale m'manda.

Mnzake wina wa Webster anamulondolera nyumba, kudumpha zithaphwi pa njerwa zimene anthu anayala. Mkazi wa Webster, Lombe, anali atakhala pakhomo akusankha tinsomba touma ta kapenta. Ndaona anakhala pansi, anapepesa maliro, ndipo anakambirana za matenda ndi za ana kwa nthawi ndithu. Kenaka, posadziwa poyambira, anatchula za malaya.

"Yaja ya ku yunivesite?" anatero Lombe. "Anayenda nayo. Ni yamene tinabavalika mu bokosi. Benze analibe inangu yabwino."

"Munachita bwino, amayi," anatero Ndaona.

Lombe analowa m'nyumba n'kutuluka ndi malaya ena ofiirira, a salaula, okhala ndi dzina la sitolo ya dziko lina pachifuwa. Mapewa ake anali zigamba zokhazokha.

"Aya ndiye benze kusebenzela. Tengani, kuti basakuvuteni ku nchito."

Ndaona anati palibe amene amuvute. Lombe anaumirira, akuopa kuti mwina a yunivesite adzabwera kudzafunsa katundu wawo. Pomaliza Ndaona anawalandira kuti mayiyo mtima ukhale pansi. Pobwerera anawasiya kwa bambo ake, amene anawatembenuza n'kunena kuti zigambazo anasoka ndi munthu wa dzanja labwino.

Tsiku lotsatira anafotokozera Dokotala Mukupa zonse.

"Mulembe kuti amodzi sanabwerere," anatero iwo. "Zimachitika pa kafukufuku aliyense. Kuchipatala amataya odwala, ife tataya malaya."

Ntchito yotsala inali yodula tizidutswa pamapewa, pamsana ndi pazigongono, n'kumatikoka ndi miyala ya sikelo mpaka titaduka. Zotsatira zake sizinakomere mbali imodzi. Nsalu ya fakitale inapirira kuperepeseka kuposa ya salaula, koma inasuluka msanga ndipo inafupika itachapidwa. Ndaona analemba zimenezo monga zinalili. Dokotala Mukupa anamupempha kuti nkhani ya kusuluka aiike chakumapeto, ndipo anaiikadi chakumapeto, osachotsa liwu.

Pamene lipoti linkamangidwa chikuto, fakitale ija inali itagulitsidwa. Ogula anamasula makina n'kuwatumiza kunja, ndipo nyumbayo anaisandutsa mosungira katundu. Ndaona atapita kukapereka lipotilo, anapeza mlonda yekha pageti, amene anakana kulilandira chifukwa sankadziwa woti akampatse. Aphunzitsi amene anayesa ntchito yake anaiyamikira. Mmodzi anafunsa chifukwa chake malaya anachepa pomaliza, Ndaona anayankha monga anauzidwira, ndipo mphunzitsiyo anapita pa funso lina.

Patapita milungu ingapo, amuna atatu a mawilibala anafika ku Matero atafunsira njira ya kwa telala uja. Ankafuna malaya awo. Ndaona anali atawauza poyamba kuti adzawadula, koma iwo ankaganiza kuti adzangodula kansonga. Anawatulutsira katoni, ndipo mmodzi anakweza malaya ake m'mwamba n'kusuzumira anzake kudzera pa chiboo cha pamsana. Onse anaseka pang'ono.

A Dyton anawatenga malayawo m'manja mwake, anawayala pathebulo n'kuyeza ziboozo ndi zala. Anati nsalu yotsala ilipo, ngakhale mtundu sudzafanana poti ya malayawo yasuluka. Amunawo anati mtundu ulibe kanthu. Anakhala pabenchi panja kudikira, ndipo Ndaona anawaphikira tiyi. Dzuwa lisanapendeke anatenga malaya awo, a anzawo anawamanga m'thumba, n'kubwerera ku Kanyama wapansi.