Chingwe cha Pamimba pa a Lameki

Chotupa cha m'mimba mwa a Lameki anachichotsa kawiri ku Lilongwe, ndipo kawiri konse chinameranso ngati kapinga. Madokotala anati n'cha mitsempha ya magazi, chosowa kwambiri. Ulendo uno anati achisiye kaye, azingochiyang'anira. Koma chikakula msanga chikhoza kuphulikira m'kati, ndipo kuchokera kwawo ku Lisasadzi munthu sangakafike ali moyo.

Ntchito yoyang'anirayo inagwera akazi awo, a Fainesi. Namwino anawaonetsa kuzunguliza chingwe pamchombo n'kumanga mfundo, nati tsiku limene chingwe chidzalephere kufika pamfundo, anyamuke, asadikire tsiku lokajambulitsa kuchipatala. A Fainesi anadula chingwe chosokera fodya, pamfundopo anakulungapo kaulusi kofiira.

Lamulungu lililonse asanapite kutchalitchi ankawayeza amuna awo, chingwe n'kumakwana bwinobwino. Chonsecho thalauza la a Lameki linasiya kutsekeka, mpweya unayamba kuperewera. A Fainesi ankaziona, koma anakhulupirira chingwe kuposa maso awo. Ineyo zimandiwawa mpaka lero, chifukwa amuna akwathu kuno amaopa fodya kuwola kuposa maliro awo omwe.

Tsiku lina akutsitsa mikangala, timitengo toyanikapo fodya, m'chigafa, a Fainesi anaona masamba ena atasokedwa ndi chingwe chokhala ndi mfundo. Kaulusi kake kanali kosuluka. Ka pachingwe cha kunyumba kanali katsopano, kofiira psu.

Anasolola masambawo, napita kwa a Lameki amene ankasankha fodya pamkeka, n'kuwauza kuti akweze malaya. Anazunguliza chingwe chakalecho. Pakati pa nsonga ndi mfundo panalowa dzanja lathunthu.

"Munasintha liti?"

"Mvula ili pakati," a Lameki anayankha atazolika. "Ndimati tidinde kaye mabelo, mayi a Shalom. Akanditsekera kuchipatala, fodyayu atsala ndi ndani?"

A Fainesi sanalire, mantha anali ataposa misozi. Anakabwereka ngolo, anayalamo matiresi, n'kuuza mwini ng'ombe kuti aziyenda pang'onopang'ono ndi kulambalala maenje mpaka kumsewu watala.

Ngolo ikudutsa pachigafa, a Lameki, atagwira mimba ndi manja awiri, anadzutsa mutu movutikira. Anafunsa ngati wina wakumbuka kufunditsa fodya wotsala pamkeka uja.