Kapu ya ku Roma

Jessie anaima pakhomo la chipinda chosungiramo mafupa, chikwama atachikumbatira pachifuwa, ndipo anakanitsitsa kulowa.

"Yalla, tiye, lowa, mphepo yozizirayi ikuthawira panja," anatero Dunstan, mchimwene wake.

"Achimwene, ofu yanga ndi imodzi pa sabata. Ndiithere kumanda?"

Dunstan anaseka, n'kuvula magolovesi. Anali mphunzitsi pa yunivesite ina mu Dubai, katswiri wofukula zinthu zakale za Aroma. Sukulu anaiyambira ku Ntcheu n'kukaimalizira ku Italy, ndipo imvi zinamumera ali chogwada m'maenje a eni. Kumudzi ankamunena kuti amagwira ntchito ya afiti, kungoti yake ndi yamasana. Jessie ankalera ana a madamu wina ku Karama, mu Dubai momwemo.

Patebulo panali mafupa a mayi wina amene Dunstan anawafukula chaka chatha m'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa mzindawo. Kumutu kwa mayiyo anapezako kabotolo kagalasi ka Aroma, kamene kanabwera ndi amalonda a pangalawa kalekale. Kabotoloko ndi kamene kanamutchukitsa. Akuluakulu a yunivesite anali atamuuza kuti akatsogolera bwino ntchito yofukula ya mu Novembala, upulofesa umene anaudikira moyo wake wonse ukhala wake.

Koma chifukulireni mayiyo, Dunstan analibe mtendere. Akamapukuta chigaza ndi kaburashi, ankamva fungo la mafuta a nsatsi amene mayi ake ankadzola, ngati wina waima kumbuyo kwake. Akacheuka, kunalibe munthu. Mayi akewo anamwalira iye akufukula ku Italy. Kumaliro sanapite, ndipo manda awo anali asanawaonepo.

"Amalume anaimba foni," anatero Jessie ali pakhomo pomwepo. "Akuti chiliza cha amayi chimangidwe mvula isanagwe. Koma manda asowa."

"Asowa bwanji? Manda amayenda?"

"Mtanda unadyedwa ndi chiswe. A Luckson, amene anatsogolera adzukulu tsiku lija, anamwalira mwezi watha. Mitumbira yatitimira, yangofanana yonse. Mvula ya chaka chino ikadutsapo, khalas, basi, pasanduka pabwalo."

"Iwe unalipo, Jessie."

"Ndinalipo, koma maso anali otupa. Sindinaone kuti tili pafupi ndi mtengo uti."

Dunstan anakhala pampando. Mtima unamuwawa, komanso anachita mantha. "Novembala ndiye mwezi wofukula kuno, kutentha kukachepa. Ndikachoka, ntchitoyi aipereka kwa wina. Mwina chaka chamawa..."

"Chaka chamawa munayamba kuchitchula ndili ndi mwana kumbuyo. Pano mwanayo wamera ndevu."

"Nanga ukufuna nditani? Ndikafukule amayi anga?"

"Mulungu akuletseni! Palibe akufuna mufukule. Mukuikumbukira kapu yadothi yofiira ija munawatumizira kuchokera ku Roma?"

Ankaikumbukira. Anaigula pa kasitolo ka alendo, yongofanizira makapu akale a Aroma, yokhala ndi timasamba tampesa m'mbali. Mayi ake sanamweremo ngakhale kamodzi. Ankaiika pamwamba pa kabati n'kumaonetsa aliyense wobwera pakhomo.

"Tsiku la maliro tinaika ziwiya zawo pamtumbira, monga mwa mwambo," anapitiriza Jessie, mawu atatsika. "Kapuyo amalume anaiswera kumutu kwa mtumbirawo. Anati poti mwini wake sanabwere kudzaponya dothi, kapuyo imuimire."

Zimenezi panalibe anamuuzapo Dunstan.

"Amalume afunafuna, koma kumanda konse kuli mapale okhaokha a miphika ndi mbale, odzaza dothi. Akuti amene angazindikire phale la ku Roma pakati pa enawo ndi inu nokha. Si ndiye ntchito yanu?"

Dunstan anatembenukira ku kabotolo kagalasi kaja. Ophunzira ake ankawauza kuti kamasonyeza kuti mayiyo anali wolemera, komanso kuti malonda a Aroma ankafika kutali. Anali atalemba zimenezi m'mabuku, anthu n'kumuombera m'manja. Sizinamubwerepo m'mutu kuti mwina mayiyo anali ndi mwana wogwira ntchito kungalawa, amene anangotumiza kabotolo, iye osabwera. Fungo la nsatsi lija linadzaza chipinda chonse.

Anaimirira n'kufunditsa mafupawo nsalu, mwaulemu kuposa masiku onse. Kenako anaimbira Theresa, mphunzitsi mnzake amenenso ankaufuna upulofesawo.

"Theresa, ntchito ya Novembala utsogolere ndiwe. Ayi, sindikudwala. Ndili ndi manda ena oti ndikafune."

Anatola kaburashi kake n'kukaika m'thumba la malaya, nazimitsa magetsi. Atafika pakhomo, Jessie anamutsekereza. Anatulutsa botolo la madzi akumwa m'chikwama n'kulitsegula.

"Simukwera nane sitima ya Metro musanasambe m'manja. Mwachoka kumanda."

Nthawi zonse Jessie akanena zimenezi, Dunstan ankamuseka n'kumuonetsa magolovesi. Tsiku limenelo anawerama n'kutambasula manja onse awiri. Madzi anayenderera pa matailosi a yunivesite, ndipo anasambabe mpaka botolo linatha.