Lachinayi Langa ndi Mzime

Dokotala wamkulu wa matenda akugwa ali ndi ngongole yanga. Si ya ndalama ayi, ine sindikongoza munthu wovala taye. Ndi ya Lachinayi limodzi.

Ine ndimagulitsa nsapato zakaunjika. Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, koma palibe amene ananditsitsapo mtengo ndisakufuna. Mzime wanga, mwana wamkazi, anayamba kugwa khunyu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo ake anapirira miyezi isanu, kenako anapita kutali kukafuna ntchito. Mpaka lero akufunabe. Tinatsala awiri.

Tsiku loyamba kuchipatala chachikulu, dokotalayo anandipatsa kope kuti ndizilembamo mwana akagwa. Ndinati, "Adokotala, mukadzawerenga zolemba zanga mudzadwala ndinu." Ndinasolola chingwe cha nsapato m'chikwama. Akagwa, ndimanga mfundo imodzi. Akagwa mpaka kudziluma lilime, ziwiri zogundana. Anaseka, koma anavomera. Kuyambira pamenepo, miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, Lachinayi, ankapapasa chingwe changa ndi zala monga ndimapapasira soli ya nsapato ndisanagule.

Anasintha mankhwala katatu. Mfundo zinachoka pa makumi awiri, kufika pa zisanu ndi ziwiri, kufika pa imodzi. Zaka zinayi zapitazi ndakhala ndikumupatsa chingwe chosalala.

Mzime anakula, anaphunzira kusoka, anapeza ntchito kwa telala wina kuseri kwa tauni, n'kuchita lendi kachipinda komweko. Lamlungu amati watopa. Pafoni amayankha mawu atatu. Koma Lachinayi lolembedwa pakhadi la kuchipatala linali langa. Ankabwera Lachitatu kudzagona kwathu. M'mawa tinkakwera basi, iye n'kugona paphewa langa kukamwa kuli yasa ngati ali mwana. Pabenchi lachipatala tinkakhala maola anayi, tikudya buledi ndi mazira, tikunena nsapato za anthu odutsa.

"Amayi, taonani za anesi awo."

"Zawathina. Anagula chifukwa cha mtundu."

Maola anayi athunthu, mwana wanga alibe kothawira.

Ulendo wapitawu dokotala anapapasa chingwe, n'kutseka fayilo.

"Mayi, mwagwira ntchito. Zaka zinayi osagwa. Kuyambira lero azionedwa ndi dokotala wa pakiliniki ya kufupi ndi kumene akukhala. Mankhwala ndi omwewa, asasiye. Zonse ndalemba m'kalatamu."

"Wa pakiliniki? Woona chifuwa ndi zipere uja?"

"Yemweyo. Ntchito amaidziwa. Zikasintha adzamutumiza kuno."

"Kamodzi pachaka," ndinatero.

"Mayi, kuno si kumsika."

"Chabwino. Kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo ndizikhala chete."

Mzime ananditsina pantchafu. "Amayi, mukundichititsa manyazi."

Kalata ija anailandira ndi manja awiri, mano onse ali panja. Sindinamuonepo atakondwa chotero. Koma ine ndinali nditaona kale kuti kalaliki wa pawindo, mwa chizolowezi chake, analemberatu tsiku lina pakhadi tisanalowe. Zilembo zimandivuta, manambala ayi. Khadilo ndinalibisa m'chikwama changa.

Itatsala sabata imodzi kuti tsiku la pakhadilo lifike, ndinamuimbira Mzime.

"Ukudziwa kuti Lachinayi likubwerali ndi lathu?"

"Amayi, ndinapita kale kukiliniki. Nthawi ya nkhomaliro. Mphindi makumi awiri basi, abwana sanadziwe n'komwe."

"Wekha?"

"Si pafupi pomwepa? Adokotala ake ndi abwino. Anandifunsa za tulo, za mapiritsi, zonse."

"Chingwe anafunsa?"

"Chingwe chanji, amayi? Ndimalemba pafoni. Anatinso ndikadzafuna kukhala ndi mwana ndiyambe ndawauza."

"Mwana wa ndani?"

"Amayi, kwabwera kasitomala."

Foni thii. Ndinakhala ndikuiyang'ana mpaka inazima yokha.

Lachinayi sindinayale nsapato. Ndinawiritsa mazira anayi, manja anachita okha, n'kukwera basi. Paphewa langa panagona bambo wina wonunkha fodya, ndinamudzutsa ndi chigongono. Kuchipatala benchi linali lomwe lija la mwendo wogwedera. Pambali panga panakhala mayi wachitsikana, mwana wake ali ndi chipsera chatsopano pachipumi.

"Tadikira miyezi isanu kuti atipatse tsiku," anatero, ine osamufunsa. "Amagwa katatu pa sabata."

Ndinamupatsa mazira awiri kuti pakamwa patsekeke. Anesi anadutsa atavala nsapato zatsopano, zothinanso. Ndinatembenuka kuti ndinene, koma ndikanauza ndani?

Anesiwo anayang'ana khadi, anayang'ana ine. Pakamwa panga amapadziwa, choncho anandilowetsa anthu onse atatha.

Dokotala anadzambatuka pampando. "Mayi! Wagwa?"

"Sanagwe."

"Nanga ali kuti?"

"Akusoka madiresi a eni ake." Ndinaika khadi patebulo, chala pa tsiku lija. "Ili analemba ndi anthu anu. Ine ndikalonjeza munthu nsapato, sindigulitsa kwa wina. Lero latayika kale, ndiye mundilembere lina. Musaine ndi dzanja lanu, mudinde chidindo. Akaona chidindo abwera."

"Kodi pali chimene mwaona? Akuiwala mankhwala? Sakugona?"

Ndikanatha kunama. Chingwe chinali m'manja mwanga kunsi kwa tebulo, ndipo mfundo imodzi imamangika ndi zala ziwiri zokha. Mfundo imodzi, Malachinayi anga onse n'kubwerera. Ndinachikulunga pachala. Ndinachikulunganso. Koma dokotala akanamuwonjezera Mzime mankhwala, ndipo ndimakumbukira chaka chimene anawonjezera: mwana ankasinza ndi supuni m'manja. Telala wosinza pamakina sakhalitsa pantchito.

Ndinachiika patebulo chosalala.

Anachipapasa kuyambira uku mpaka uko, monga mwa masiku onse. Kenako anavula magalasi.

"Zaka khumi ndi zitatu, mayi. Ndikudziwa chimene mwadzera."

"Ngati mukudziwa, lembani. Sindikupempha zambiri. Limodzi lokha."

"Panjapo pali ana amene akulirira mpando mwakhalapowo."

"Ndawaona. Adya mazira anga."

Anatenga cholembera. Anakhwatcha tsiku lija ndi mzere umodzi, n'kundikankhira khadi pamodzi ndi chingwe.

"Ayi, mayi. Mwana wanu ali bwino. Sindilemba."