Aphunzitsi a Pakhonde

Vailet ankayanika zovala kuseri kwa nyumba pamene anamva apongozi ake aamuna, a Bizwell, akufunsa Tamiwe kumene amachedwa akaweruka kusukulu. Mwanayo, poti sadziwa kunama, anaulula zonse: amadzera ku Kapata kwa Mayi Hazel kukaphunzira masamu mwapadera.

Vailet anasiya kuyanika. Iyeyo ndiye anapititsa mwana wake kumeneko mwakachetechete, ataona kuti mayeso a Giredi 9 ayandikira koma masamu akumuzungulirabe mutu. M'kalasi mwawo munkadzaza ngati minibasi ya ku Katete, mphunzitsi osadziwa ndi dzina lake lomwe. Kwa Mayi Hazel kunali ana ochepa pabenchi limodzi, ndipo kumeneko mutu wa Tamiwe unatseguka, mpaka kumaimba nyimbo powerengera.

Koma a Bizwell anaphunzitsa ku Tamanda moyo wawo wonse, ndipo m'Chipata muno anthu aimvi amawavulirabe chipewa n'kuwatchula Aphunzitsi. Kwa iwo, mdzukulu wawo kukapempha nzeru kwa mtsikana wadzulodzuloli kunali kuwavula pagulu. Analamula kuti zithe tsiku lomwelo, mwana amuphunzitsa okha pakhonde.

Mtengwa sayankhana ndi apongozi, choncho Vailet anakalirira mwamuna wake Fackson, dalaivala wa basi ya ku Lusaka. Anamuuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anamukumbutsanso chimene onse m'nyumbamo ankachidziwa koma osachitchula, chakuti mutu wa atate suli ngati kale. Lamlungu lapitalo anasochera pochokera kutchalitchi.

"Ndiye mukuti ndikawauze atate anga kuti aiwala masamu?" anatero Fackson akumanga nsapato. "Choko n'chokhacho chawatsalira, amake Tamiwe. Ine pakamwa panga sipangatuluke zimenezo."

Ananyamula chikwama chake, ulendo ku Lusaka, n'kumusiya mkazi ndi mkwiyo wopanda poutula.

Masana ena Vailet anabweretsa tiyi pakhonde, nagwada monga mwa nthawi zonse. Anapeza gogo ndi mdzukulu aweramira funso lomwe lija analiyamba dzana. A Bizwell anali atavala tayi, nkhope ikuwala, chisangalalo chimene sanachionetse chimwalirire akazi awo. Ankagogoda kope ndi chala, akuti Tamiwe walakwitsa.

"Agogo, yankho langa likufanana ndi la kumapeto kwa buku," anatero mwanayo motsitsa mawu.

"Mabuku a masiku ano amalembedwa ndi ana. Fufuta, ulembe chimene ndakuuza."

Tamiwe anayang'ana amake, misozi ili lengelenge. Vailet anamvera chisoni mwana, anamveranso chisoni nkhalambayo, ndipo anadziwa kuti m'modzi wa awiriwa amupweteka basi. Anayang'ana pansi.

"Mvera agogo ako," anatero.

Tamiwe anatola labala n'kuyamba kufufuta yankho lolondola.