Malaiti a Rivesi pa Pijo ya ba Fanwell

"Ndiye mwayamba kuboola bampa osandiuza?"

"Timabowo tiwiri chabe, amake Rabecca."

"Tiwiri chabe. Motoka iyi inabwera ilibe malaiti a rivesi, ndipo sinapondepo ngakhale nkhuku."

Ba Fanwell anali chigonere pansi pa Pijo yawo yakale, akukoka waya wofiira kuchokera ku giyabokosi kupita kumbuyo. Pa saka panali malaiti awiri oyera, ndi lina lalikulu loti alimange pamwamba pa kabini, loyang'ana kumbuyo.

Mwandida, mkazi wawo, anawayang'ana malaitiwo ngati alendo obwera kudzamulanda malo. Kanjira kotulukira pakhomo pawo ku Nangongwe n'kopanikiza: uku ngalande, uku mpanda wa aneba. Zaka makumi atatu, m'mamawa uliwonse popita kukagula nsomba ku Chanyanya, iye ndiye ankaima kumbuyo kwa motoka. Bwerani, bwerani, kumanja pang'ono, imani. Akatero ankakwera kutsogolo n'kukhala pambali pa mwamuna wake, mphepo ya kumtsinje ikulowa pa windo losatsekeka. Ulendo umenewo ndiwo unali ukwati wawo.

Koma miyezi ino bambowo anasintha. Ukawalankhula, zii. Pakudya, maso m'mbale. Tsopano malaiti. Mwandida anaona kumene nkhaniyi ikupita: munthu woona yekha kumbuyo safuna womuitanira, ndipo amanyamuka yekha.

"Ngati mwatopa nane, nenani," iye anatero. "Osati kunditumira mababu."

Pansi pa motoka sipanala inangopitiriza kulira.

"Atate ake Rabecca, ndilankhula na imwe."

Mwandida anagogoda bodi ya motoka ndi chikhatho. Apo ndiye ba Fanwell anatuluka, girisi mpaka m'zigongono, n'kukhala tsonga pafumbi. Anamuyang'anitsitsa pakamwa, monga ankachitira masiku onsewa.

"Mwati chiyani?"

"Ndati mwagula mkazi wa magetsi. Mwina iye sakalamba."

Ba Fanwell anafuna kuseka, koma sizinatheke. Anatola laiti limodzi, n'kulipukuta ndi malaya ngakhale linali latsopano.

"Lachiwiri lija," anatero, "bampa itakugundani pa ntchafu, munati ndikuyendetsa ngati mwana wa sukulu."

"Ndinakuwa katatu kuti imani."

"Sindinamve ngakhale kamodzi."

Mwandida anagwira pa bodi. Chitsulocho chinali chotentha ndi dzuwa, koma sanachotse dzanja.

"Khutu lakumanja linafa kale. Lakumanzereli nalo likupita. Injini ikalira, mawu anu safika. Ndakhala ndikubwerera m'mbuyo mongoganizira, mtima uli m'mwamba, podziwa kuti muli penapake mumdimamo." Ba Fanwell anaika laiti lija pansi mosamala. "Ngalande ndimaidziwa, Mwandida, mpanda ndimaudziwa. Ndifuna muziima pomwe mumaima paja, muzindikodola ndi dzanja. Ndifuna ndizikuonani."