Chala pa Galasi la Telesikopu

Vailet anali mkazi woleza mtima, koma osati pa nkhani ya telesikopu. Chipangizocho anachibwereka a pasukulu pomwe iye ankaphunzitsa sayansi ku Mwazisi, ndipo ankachisunga kunyumba chifukwa denga la kusukuluko linkadontha. Ahedi anali atamuuziratu kuti galasi likangokandika, eni ake adzachitenga, ndipo ana a ku Mwazisi azidzaonera mwezi ndi maso okha ngati makolo awo.

Ndiye tangoganizani! Tsiku lililonse akaweruka ankapeza chidindo cha chala pagalasi lakutsogolo. Si chala wamba ayi, chala chomata utomoni wa fodya, ndipo pambali pake panali mizere ya munthu amene wapukuta ndi malaya. Vailet ankakhala pansi mtima ukuwawa. Ankayamba wauluza fumbi ndi kampira kopopera mpweya, n'kusesa ndi kaburashi kofewa, kenako kadontho ka mankhwala pathonje, kupukuta pang'onopang'ono kuchokera pakati kupita m'mbali, thonje lililonse kamodzi basi. Mawa lake chala chija chili pomwepo.

"Bambo, ndinu," anauza mwamuna wake Griffin.

"Ine? Madamu, ine ndi nyenyezi wapi ndi wapi?"

"Onetsani manja."

Griffin anatambasula manja akuda bii ndi utomoni. Koma inali nyengo yothyola fodya, ndipo pamudzipo ngakhale mbusa akanapezeka wolakwa. Vailet anangoti chabwino, tiona.

Loweruka m'mawa anakanda mwaye pansi pa ketulo, anausakaniza ndi vasilini, n'kupaka bwinobwino pakamphira kozungulira poika diso. Anaimika telesikopu pakhonde, natenga ndowa ulendo wa kumjigo, akuseka yekha m'njira ngati wopenga. M'maganizo mwake ankamuona kale Griffin akulumbira kuti sanakhudze kanthu, diso lili ngati la mbuzi yamawanga.

Atabwerako anapeza Griffin akusoka fodya m'chigafa, nkhope ili mbee. Vailet anakhumudwa ndithu. Koma asanatule n'komwe ndowa, kuseri kwa nyumba kunatulukira a Yakobe, apongozi ake aamuna, atavala jekete ndi tayi, Baibulo kukhwapa, ulendo wa kumsonkhano wa akulu a mpingo. Diso lakumanja linali litazunguliridwa ndi mkombero wakuda, wooneka ngakhale uli kutsidya kwa msewu.

Mayo ine! Vailet anatula ndowa ija msangamsanga. Iye anali wa ku Ntcheu, koma mwambo wa kuno anali ataumva bwino: mkamwana, ndiye kuti mkazi wokwatiwa pamudzi, sayang'ana apongozi aamuna kumaso, ndipo sawalankhula maso ndi maso. Chikwatiwireni anali asanawauzepo mawu okwana dzanja limodzi. Apongozi aakazi, amene akanapulumutsa zinthu, anali kumaliro ku Bolero. Nanga Griffin? Munthu wachabechabe! Atangoona bambo ake anathawira kuseri kwa chigafa, ndipo kunkangomveka kutsokomola kwa munthu amene chiseko chamutsamwa.

Mkulu uja anali atafika kale pampanda. Vailet anagwada chapatali, nayang'ana galu wa pakhomopo amene anagona padzuwa.

"Palije, galu iwe," anatero mokweza, "ukanakhala ndi nzeru ukanawauza eni mudzi kuti ayambe asamba kumaso asanapite kutchalitchi."

A Yakobe anaima. Anadzigwira pachipumi, patsaya, kenako padiso, n'kubweretsa chala pafupi ndi mphuno. Anayang'ana telesikopu pakhonde paja.

"Palije," anatero mkuluyo pang'onopang'ono, "ukawauze a ku Ntcheu kuti yewo chomene, msampha wawo wagwira. Koma uwauzenso kuti chinthu chawochi n'chauve. Ine ndimachipukuta tsiku lililonse kuwathandiza, koma chifunga sichichoka. Ndimafuna kuona ngati anyani alowa m'munda mwanga kutsidya kwa dambo, koma ndimangoona utsi."

Apa manyazi a Vailet anathawa, kunabwera ukali. Chauve? Galasi lake iye?

"Palije, uwapemphe adikire pang'ono."

Anatsuka kamphira kaja, natenga zida zake, ndipo anagwira ntchito yonse pamaso pa apongozi akewo, mochita kuonetsa kuti aphunzirepo: mpweya kaye, burashi, thonje, osati chala, osati malaya. Atamaliza analoza telesikopu kumunda kuja n'kukonza mpaka chithunzi chinabwera ngwee. Anakoka Griffin kuchokera kuseri kwa chigafa kuti akhale mboni.

"Eee, adada, zikuoneka zonse," anatero Griffin, diso lili pagalasi. "Chimanga chili bwino. Pachitsa paja pakhala khwangwala, akudzikanda."

A Yakobe anapatsira mwana wawo Baibulo, nawerama. Anayang'ana nthawi yaitali. Anasintha diso, nabwereranso ku loyamba lija. Kenako chala chawo chachikulu chinanyamuka chokha, ulendo wa kugalasi lakutsogolo.

"Palije, uwauze kuti sanapukute bwino. Chifunga chili pomwepo."

Vailet anaiwala mwambo. Anagwira dzanja lija lisanafike pagalasi, nadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana apongozi ake kumaso. Pakati pa mkombero wa mwaye uja, mwana wa diso anali wotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Diso linalo linali litayambanso. Inali ng'ala, ndipo pakhomo ponse panalibe amene anali ataiona, chifukwa ndani amayang'anitsitsa m'maso mwa a Yakobe?

Chiseko chonse chimene anasunga kuyambira kumjigo chinamuthera, ndipo anamva chisoni chachikulu.

"Adada," anatero, osadzeranso kwa galu, "galasili ndi loyera. Lolemba ndipempha chilolezo kusukulu, tipite kuchipatala ku Rumphi akakuoneni maso."

Griffin anatsegula pakamwa kuti akonze zinthu, koma bambo ake anamuletsa ndi dzanja. Mkuluyo anatulutsa kampango m'thumba la jekete n'kuyamba kupukuta mwaye uja, akungoufalitsa tsaya lonse.

"Ndimadziwa, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Kungoti ndimati mwina ndi galasi."