Choko pa Migolo ya a Firmin

A Léonce Gauvenet atangoyandikitsa tambula ya nambala naini kumphuno, anazindikira fungo lake. Anamudziwa mwini wake. Amati komiti yolawa vinyo imalawa mosadziwa kuti uyu ndi wa yani, mabotolo atavekedwa nsalu zakuda, koma zimenezo n'zonamiza alendo. M'mudzi mwathu muno mwa Morvelle, m'chigawo cha Bourgogne, munthu amene walawa vinyo zaka makumi anayi amazindikira dzanja la mnzake m'tambula monga momwe mumazindikirira kutsokomola kwa m'bale wanu kuseri kwa chitseko. Uyu anali vinyo wa a Firmin Tissandier, mnzawo wa paubwana, ndipo ankanunkha viniga ndi thukuta la hatchi.

Tsono kuno dzina ndiye zonse. Mphesa ndi zomwezo, za mtundu wa pinot noir, kuyambira kumsewu mpaka kunkhalango. Chosiyana ndi dothi. Wolima kumunsi amalemba pabotolo kuti Bourgogne, basi. Wolima chapamtunda amalemba dzina la mudzi. Wolima pakati pa phiri, pomwe dzuwa la m'mawa limayambira kugunda, amawonjezera dzina la munda ndi mawu aulemu akuti premier cru, ndipo poyenda amatukula mapewa. Grand cru, dzina loposa onsewa, ife tilibe, ndipo musatifunse chifukwa, tingakangane mpaka mawa. A Firmin anali ndi mizere makumi atatu m'munda wa En Sauvaire, premier cru, yosiyidwa ndi agogo awo. Komiti ikakana, vinyo wa chaka chimenecho amavulidwa mayina onse, la munda, la mudzi, ngakhale la Bourgogne. Amatsala vinyo wopanda kwawo, kapena amangopita kukatchezedwa.

Aka sikanali koyamba. Kwa zaka ziwiri zapitazi tambula ya a Firmin inkabwera yodwala chomwechi, ndipo a Léonce ndiwo ankayamba kuyankhula. Ankati vinyo akadali mwana, adzawongoka m'botolo, tisamuweruze asanamere mano. Enawo ankangoyang'ana pansi n'kulemba kuti wadutsa. Aliyense ankaona kuti mphuno ya a Firmin yafa, ngakhale mwini wake sananenepo kwa munthu. A Léonce ankadzitonthoza kuti mnzako akapsa ndevu mzimire, ndipo ankagona tulo tabwino.

Koma chaka chino patebulo panali mlendo, mayi wachitsikana dzina lake Maëlys Courtade, wotumidwa kuchokera kutauni, amene sankadziwa aliyense m'mudzimo. Ananunkhiza, analawa, analavulira m'ndowa, kenako ananena mosapsatira kuti vinyo ameneyu wawonongekera mumgolo, ndipo kumuveka dzina la Morvelle n'kunamiza wogula. Anafunsanso, mwaulemu ndithu, ngati mwini wake anauzidwapo kale, chifukwa matenda oterewa sayamba chaka chimodzi.

Olawa anali asanu. Awiri anavomera, awiri anakana, cholembera chinatsalira a Léonce. Ananunkhizanso kufunafuna pobisala, koma panalibe. Dzina la Morvelle si la munthu mmodzi, mabanja makumi anayi amadyera pomwepo, ndipo nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Analemba kuti wakanidwa. Anakanikiza cholembera mpaka anaboola pepala.

Kalata ya komiti ikanafika patatha sabata, koma a Léonce sanafune kuti mnzawo amve kwa wapositi. Masana omwewo anakwera phiri. Unali mwezi wa February, mphepo ikuluma makutu. Anawapeza a Firmin akudulira mipesa, nthambi zodulazo akuzitentha m'wilibala ya mgolo wong'amba pakati, monga timachitira tonse. Utsi unkawapita kumaso iwo osasuntha n'komwe.

"Nkhalamba iwe, wabwera kudzaba nzeru?" anatero a Firmin akuseka. "Taona mmene amadulira amuna. Mizere yako ija ikuoneka ngati yadyedwa ndi mbuzi."

A Léonce anangoti kukuzizira, atsikire kunyumba. A Firmin anakondwa, poganiza kuti mnzawo ali ndi ludzu. Anawatsogolera m'chipinda chapansi momwe munali migolo khumi ndi iwiri, natunga vinyo ndi kapaipi kagalasi, n'kuthira m'matambula awiri. Anazunguza tambula yawo, anailowetsa mphuno, anatsinzina, nanena kuti chaka chino En Sauvaire wabereka mfumu, akumveka nthuza zakupsa ndi dothi lonyowa. Kuwaona akuchita sewero limeneli, mawu omwe ankanena bambo awo, kunawapweteka a Léonce kuposa kulemba kuja.

"Firmin, komiti yakana vinyo wako. Dzina silikhalapo chaka chino. Wotsiriza kulemba ndinali ine."

A Firmin anaika tambula pamgolo pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anafunsa kuti chavuta n'chiyani, ndipo atauzidwa za viniga ndi fungo la khola, anakhala pansi pa sitepe n'kuvula chipewa. Ndiye anaulula. Anati chidwalireni chimfine chachikulu chija, zaka zitatu zapitazo, samva fungo lililonse: khofi, utsi, tchizi, ngakhale galu wonyowa. Vinyo m'kamwa mwawo ndi madzi ozizira basi. Ankapanga motsatira kalendala ndi zimene manja akukumbukira. Chaka choyamba anatumiza botolo kukomiti mtima uli m'mwamba, akudziuza kuti ngati chalakwika anzanga andiuza. Litadutsa analira ndi chimwemwe m'chipinda chomwechi, poganiza kuti manja okha akukwanira.

Kenako anatukula mutu.

"Nanga wa chaka chatha anali bwanji?"

A Léonce anati analinso ndi vuto, pang'ono.

"Wa chaka cha dzana?"

A Léonce anavomera ndi mutu.

Apa a Firmin anayamba kuwerenga okha zinthu zimene a Léonce ankapemphera kuti asazikumbukire. Panali ukwati wa mdzukulu wawo, pomwe anatsegula mabotolo makumi asanu. Panali ogula awiri akale amene anangosiya kubwera osatsanzika, iwo n'kumati ndi kukalamba. Koposa zonse panali phwando la Vincent Woyera, nkhoswe ya olima mphesa, mwezi wathawu, pomwe mudzi wonse unamwa vinyo wawo, anthu n'kuimirira, kuwaimbira nyimbo ndi kuwomba m'manja, iwo akugwadira uku ndi uku ngati mkwati.

"Ankadziwa ndani?"

"Tonse, mnzanga."

"Tonse," anabwereza a Firmin. "Ndiye kuti ine ndinkavina ndekha pabwalo, thalauza itang'ambika kumbuyo, inu mukundiimbira ng'oma."

A Léonce anayesa kufotokoza kuti chinali chisoni, kuti palibe ankafuna kuwachititsa manyazi, kuti ankayembekezera kuti mphunoyo ibwerera. Mawuwo ankamveka opepuka ngakhale m'makutu mwawo momwe. A Firmin anawadula. Anati matenda amenewa amakhala m'thabwa la mgolo. Akanauzidwa chaka choyamba akanataya migolo iwiri, kuitana munthu wa mphuno yamoyo kuti aziwalawira, ndipo lero En Sauvaire akanakhala ndi dzina lake. Anati malemu akazi awo a Solange akanakhalapo akanawauza tsiku lomwelo, ndi chipongwe pamwamba, chifukwa wakutsina khutu ndiye mnansi. Anafunsa amene anayamba kukana, ndipo atamva kuti ndi mtsikana wa kutauni wosawadziwa n'komwe, anaseka kuseka kowawa kumene a Léonce sanakumvepo zaka zonsezi.

Manyazi anawagwira a Léonce mpaka m'mafupa. Anazindikira kuti chimene ankachitcha chisoni chinali mantha: ankaopa tsiku ngati limeneli, ndipo anasankha kuti mnzawo azimira pang'onopang'ono kusiyana n'kuti iwo ayime pano kwa ola limodzi.

A Firmin anaimirira, anapisa m'thumba la ovololo natulutsa choko cholembera migolo.

"Wandibwereka bodza zaka ziwiri. Lero undibwereke mphuno. Mgolo uliwonse wodwala uulembe mtanda."

Anayamba kukhomo. A Firmin ankazula chotsekera, a Léonce ankawerama, kununkhiza, n'kulemba. Woyamba mtanda. Wachiwiri mtanda. Wachisanu anachita kubwerera m'mbuyo ndi fungo. Kunkangomveka choko kukwecha thabwa. Ina mwa migoloyo a Léonce anathandiza nawo kuitsitsa m'chipindamo ndi zingwe, akadali ndi tsitsi lakuda.

Anafika pa wakhumi ndi chiwiri, wa pakona, wochokera ku mipesa yakale kwambiri ya pamwamba pa munda. A Léonce ananunkhiza nthawi yaitali. Vinigayo analimo, koma patali, ndipo pansi pake pankamvekabe En Sauvaire weniweni, uja wa masiku abwino. Munthu wachifundo akanatha kunena kuti uyu yekha wapulumuka. Anatsegula pakamwa, choko chili m'mwamba.

A Firmin sankayang'ana mgolo. Ankayang'ana nkhope ya mnzawo, poti ndi mphuno yokhayo imene inawatsalira, ndipo misozi inali itafika kale m'ndevu.

"Léonce, ngati unandikondapo, usandimverenso chisoni."

A Léonce analemba mtanda.